Woimba wa pa esiteti ndi woimba wa kudimba

Mvula inatitsekera pa khonde la sitolo ina pa Goliati, ine, mlongo wanga ndi mwana wake wachisamba. Tsidya la msewu mnyamata wobena nyimbo anali atafunditsa sipika yake pepala la pulasitiki koma osaitsitsa mawu, ndipo amayi a tomato anali kalikiliki kuthawitsa madengu. Mphwangayo analemba mayeso a Fomu 4 chaka chatha, ndipo chiyambire pamenepo akuti ndi woimba. Ali ndi nyimbo zitatu mu foni, dzina lachilendo limene agogo ake amalephera kulitchula, ndi mafunso osatha. Mayi ake funso lawo n'limodzi, la ndalama. Ndalemba pano zimene tinakambirana, n'kuwonjezera zina zimene ndinakumbukira nditafika kunyumba.

Amalume, mumakonda kunena kuti oimba ena ndi opangidwa. Munthu amaumbidwa ngati njerwa?

Amaumbidwa, mphwanga, ndipo chikombole chake chilipo. Woimba wamba amayamba ndi nyimbo, kenako n'kumasaka anthu oti aimve. Kampani yopanga oimba imayambira kwa ogula. Imaona kuti pali atsikana a kusekondale amene ali ndi kandalama ka m'thumba koma alibe wowasangalatsa, ndiye imapita kukasaka nkhope ndi mawu oti zikwane pa mpata umenewo. Nyimbo apeka ena, zida aimba ena, zovala asankha ena. Ngakhale zokayankha kwa atolankhani amachita kumulowetsa pamtima.

Sizinayambe dzulo. Berry Gordy, amene anayambitsa Motown ku Detroit mu 1959, anagwirapo ntchito mu fakitale ya galimoto, ndipo kampani yake anaiyendetsa chimodzimodzi. Kunali opeka nyimbo, kunali wophunzitsa kuvina, kunali mayi wophunzitsa kayendedwe ndi kakhalidwe pagulu, ndipo nyimbo isanatuluke inkayamba yazengedwa pa msonkhano ngati mlandu. Gulu la Spice Girls linayamba ndi chidziwitso chofuna atsikana chimene chinatuluka mu nyuzi ku England mu 1994. Anyamata asanu a One Direction analowa mpikisano wa The X Factor mu 2010 aliyense payekha, oweruza n'kuwamanga mtolo umodzi. Ku South Korea ndiye anafika nazo patali: makampani amatenga ana, n'kuwasunga m'nyumba za kampani zaka zingapo akuphunzira kuvina, kuimba ndi zilankhulo, ndipo ambiri amabwezedwa kwawo asanaimepo pa siteji. Mapangano ena ankafika zaka 13, mpaka mu 2009 boma linalowererapo n'kuika malire a zaka 7.

Iwe wakulira mu Thyolo, ndiye chitsanzo uli nacho pakhomo. Tiyi ndi mtengo. Ukausiya umatalika kupitirira denga la nyumba. Pa esiteti amaudulira kuti uzilekeza m'chiuno, pamwamba pake see ngati tebulo, kuti wothyola azingotenga masamba awiri ndi kansonga osavutika. Akathyola, masamba apita ku sikelo, ku fakitale, asankhidwa magiredi, kenako ku okushoni ku Limbe. Kukongola kwa mundawo palibe angatsutse, alendo amaimika galimoto kuti ajambule. Koma chitsambacho msinkhu wake sichinasankhe chokha.

Ndiye kuti oterowo sadziwa kuimba?

Ayi, usanamizire anthu. Alipo amene anali chigoba chokhachokha. Anyamata awiri a Milli Vanilli analandidwa mphoto ya Grammy mu 1990 zitaululika kuti mawu a pa chimbale chawo sanali awo. Koma ambiri amaimba, ena kuposa amene amawanyoza. Stevie Wonder ndi Marvin Gaye anatuluka mu fakitale ya Motown yomweyo, ndipo atakula anaumirira kuti azidzisankhira zoimba. Luso limakhalapo, chimene chimasowa n'chilolezo chonena za kukhosi.

Nanga enawo, odzipangira okha, ndi ati?

Ndi amene amati kampani ikafuna ibwere, ikapanda kubwera ife tikuimbabe. Mu 1977 gulu la Buzzcocks ku Manchester linabwereka ndalama kwa abale ndi anzawo, n'kudzitulutsira lokha kachimbale ka Spiral Scratch. Achinyamata ambiri ataona zimenezo anazindikira kuti chimbale si chozizwitsa, ndi ndalama ya studiyo ndi ya osindikiza basi. Ku Washington, Ian MacKaye ndi anzake anayambitsa Dischord mu 1980, ndipo gulu lake la Fugazi linkakakamira kuti pakhomo pazilowedwa ndi madola 5 ngakhale litatchuka. Kufupi ndi kwathu kuno, nyimbo za Zimdancehall zinakulira m'tizipinda ta m'mafulatsi a Mbare ku Harare, kumene kuli studiyo ya Chillspot. Gqom ya ku Durban inayenda pa mafoni ndi m'maminibasi wailesi zisanaidziwe. Singeli ya ku Dar es Salaam inabadwira m'makwalala ndi m'maphwando a m'makomboni.

Koma tamvetsa apa, chifukwa ndi pamene pali nkhani yonse. Mnyamata wa ku Washington kampani zinalipo m'dziko lake, iye n'kusankha kuzikana. Kwa iye kudzipangira kunali kuukira. Kwathu kuno palibe chimene tinakana. Tinadzipangira chifukwa panalibe wotipangira, monga mmene mayi ako amalimira tomato kudimba: mbewu agula okha, kuthirira okha, kusenza okha, kukangana ndi ogula okha, ndipo tomato akaola aolera iwo.

Ku Thyolo kuno tinakhalapo ndi munthu wotero wodziwika?

Funso limeneli linandipweteka pang'ono, chifukwa mphwanga amatchula oimba a ku Lagos ngati anzake a m'kalasi koma a Allan Namoko anangowamvera dzina.

A Namoko anali a kuno ku Thyolo, ndipo anali osaona. Ankaimba banjo, kenako gitala, m'Chichewa ndi m'Chilomwe, ndi gulu lawo la Chimvu Jazz. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 mawu awo anali m'nyumba iliyonse imene munali wailesi, mawu okandapala, olira ngati munthu amene akukuuza za maliro koma mwendo wako n'kumagunda pansi wokha. Ankaimba za ana amasiye, za mabanja, za kaduka, za umphawi umene sankachita kuufunsa kwa wina. Panalibe wowasankhira malaya kapena wowalembera mawu. Mu 1992 kampani yaing'ono ya Pamtondo, ya Dr John Lwanda ku Scotland, inatulutsa chimbale chawo cha Ana Osiidwa, ndipo anthu akunja anayamba kuwayerekeza ndi oimba blues a ku America. Anamwalira mu 1995, chuma chawo chisakufanana m'pang'ono pomwe ndi dzina lawo.

Sanali okha. Magulu a jazi a m'midzi anali mbwee m'dera lonse lino, ndipo zida ankakhoma okha. Banjo ankapanga ndi chitini kapena chigubu, mtengo wosema ndi chikopa, zingwe zake mawaya a mabuleki a njinga. Ng'oma yaikulu ankaigunda ndi phazi pogwiritsa ntchito kathabwa, ndipo zitsekerero za mabotolo zotungidwa pa waya zinkachita phokoso ngati la maseche. Luso la banjo ndi gitala linabwera ndi asilikali obwerera ku nkhondo yachiwiri ndi amuna ochokera ku migodi ya ku Joni ndi ku Rhodesia. Litafika kuno linakumana ndi ng'oma za Alomwe, amene makolo awo anadutsa malire kuchokera ku Mozambique n'kukhala pa malo a azungu pa thangata. Ukamvetsera bwino kagundidwe ka magulu amenewo umamva bwalo la gule pansi pake. Ku Chileka kunali a Daniel ndi a Donald Kachamba, amene anatenga kwela ya ku South Africa n'kuisandutsa yawo. Katswiri wa nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anawapeza akuimba mu Blantyre mu 1967.

Tsono taganiza. Pa Ndata, pafupi pompano, pali yunivesite ya MUST imene inatsegulidwa mu 2014, ndipo muli maphunziro a digiri ya nyimbo za mu Africa. Zimene a Namoko ankachita atakhala pa mpando wa ndalema lero anthu akulembera mayeso. Ine sindidandaula nazo, n'zabwino. Ndimangolakalaka mwini wake akanalawako.

Kodi ku Malawi kuno fakitale ya oimba ilipo?

Yofanana ndi ya ku Korea kulibe. Kupanga woimba kumadya ndalama zambiri kampani isanapeze tambala, ndipo msika wathu ndi wochepa. Chimene takhala nacho ndi zipata, ndipo pa chipata chilichonse pamakhala mlonda.

Chipata choyamba chinali MBC. Kuyambira mu 1964 mpaka cha m'ma 1990 inali wailesi yokhayo, inali ndi studiyo, inali ndi gulu lakelake la MBC Band. Wojambulidwa kumeneko ankamveka kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, wosajambulidwa ankathera pa mowa wa m'mudzi. Pambali pake panali lamulo la 1968 lounika zosangalatsa, ndipo woimba aliyense ankadziwa mawu amene sangatuluke pakamwa. N'chifukwa chake nyimbo za nthawi imeneyo zimayenda mokuluwika, kunena za fisi pamene akunena munthu.

Matipate atabwera, chipata chinasamukira ku makaseti. Ku Balaka a Paul Banda anali ndi studiyo ya IY, kumene kunatuluka kaimbidwe kamene kanalamulira dziko zaka zambiri, ndipo a Lucius Banda ndi gulu la Zembani anakulitsa oimba ambiri amene pambuyo pake anaima paokha. Ku Limbe kunali O.G. Issa, amene ankagula ndi kufalitsa makaseti. Woimba wochokera kumudzi ankakwera basi ndi tepi yake m'thumba kupita kumeneko, podziwa kuti akailandira ifika m'misika yonse. Kenako kunabwera TVM mu 1999, ndi wailesi zoima pazokha monga Power 101, Capital ndi Zodiak, ndipo nkhope inayamba kuwerengedwa pamodzi ndi mawu.

Zoyandikira kwambiri ku fakitale ndi mipikisano ya makampani, monga Chibuku Road to Fame, kapena Airtel Trace Music Star imene inachitika m'maiko angapo a mu Africa ndipo anapambana ndi mnyamata wa ku Tanzania mu 2015. Mpikisano umapatsa munthu siteji, mphoto ndi miyezi ingapo ya kutchuka. Koma cholinga chake chachikulu n'kugulitsa chakumwa kapena mayunitsi, ndiye chaka chikatha pamafunika nkhope yatsopano. Funsa anthu pa msika pano akutchulire opambana atatu a mipikisano yotere, uone mmene akandire m'mutu. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika.

Palinso kampani ina imene sitiitchula kuti kampani: ndale. Nyengo ya kampeni woimba amapeza galimoto, zokuzira mawu ndi envulopu. Chisankho chikapita amatsala ndi mtundu wa chipani pamphumi, ndipo theka la omutsatira lamuthawa. 

Ukafuna kuona fakitale yeniyeni ya pafupi, yang'ana ku Tanzania. WCB Wasafi ya Diamond Platnumz inatenga Harmonize, Rayvanny ndi Zuchu, n'kuwapatsa studiyo, mavidiyo, wailesi ndi kanema zake zomwe. Anatchukadi. Koma Harmonize pochoka mu 2019 ananena poyera kuti analipira ndalama zambiri kuti amasuke.

Nyimbo ya mnyamata wa pa Goliati imayenda bwanji masiku ano kuti ifike m'makutu a anthu?

Apa mphwanga ndi amene anandiphunzitsa, ine ndikungobwereza. Studiyo ndi chipinda chogona cha mnzake, muli kompyuta yakale yokhala ndi FL Studio, maikolofoni imodzi, ndi matiresi oimikidwa kukhoma kuti mawu asabwerere. Magetsi akazima ntchito yaima, ndipo galu wa aneba akauwa mubwereza vesi. Biti amagula kwa mwini studiyo kapena kutola pa intaneti. Nyimbo ikatha imalowa mu foni, n'kuyamba ulendo: magulu a WhatsApp, Facebook, TikTok, masamba otsitsirapo nyimbo ngati pali ya bandulo.

Koma chipata chenicheni cha kuno ndi uja wafunditsa sipika tsidya la msewuyo. Munthu amabwera ndi memori khadi, n'kunena kuti ndiikireni zatsopano, ndipo wobenayo ndi amene amasankha zatsopanozo. Akaikonda nyimbo yako, mawa ili pa njinga yamoto ya kabaza, mkuja ili mu bala tsiku la malipiro a pa esiteti, Loweruka ili pa chinkhoswe, ndipo ana akuimba popita kusukulu. Palibe kampani ya ku London imene ingagule njira imeneyo. Choseketsa n'chakuti pa ulendo wonsewu amene walandira ndalama ndi wobena, wa bandulo ndi mwini bala. Woimbayo walandira moni.

Wailesi nayo ili ndi zake. Mphwanga anapatsapo munthu wina wa pa wailesi ina ya fanta, ndalama imene anaipeza posenza madengu a kabichi, kuti nyimbo yake iseweredwe. Inaseweredwa kamodzi, usiku anthu atagona, ndipo dzina analitchula molakwika. Si onse amatero, alipo amene amaika nyimbo chifukwa aikonda. Koma iye anakumana ndi ameneyo.

Achimwene, ine zanga n'zimodzi. Mwanayu adya chiyani? Ndalama zake zili pati?

Achemwali, sindikunamizani. Pa oimba 100 amene ali ndi nyimbo mu foni, amene angadye za nyimbo zokhazokha ndi owerengeka pa zala. Ndalama imene ilipo ili pa siteji: maukwati, mashowo a m'mabala, misonkhano ya mipingo kwa oimba zauzimu, ndi zikondwerero zikuluzikulu monga Sand Music Festival ndi Lake of Stars kwa amene afika pamenepo. Ena amapeza polemba nyimbo za mabungwe zophunzitsa anthu, ena pokhala akazembe a katundu wa makampani. Zogulitsa nyimbo zinafa pamene makaseti ndi ma CD anagonja kwa memori khadi. N'chifukwa chake ndimawapatsa ulemu a Joe Gwaladi a ku Phalombe, amene anadziwika poyenda okha m'misika ndi m'matauni kugulitsa nyimbo zawo pamanja. Anadula anthu onse a pakati, n'kutsala iwo ndi wogula.

Kuli bungwe la COSOMA, limene linayamba ntchito mu 1992, lotolera ndalama kwa wailesi, mabala ndi ena ogwiritsa ntchito nyimbo, n'kugawira eni ake. Lamulo latsopano la umwini wa zaluso la 2016 linalimbitsa zimenezi, ndipo tsopano pali kandalama kamene kamadulidwa pa zipangizo zosungira nyimbo zikamalowa m'dziko. Koma bungwelo silingalipire munthu amene silikumudziwa. Mwanayu akalembetse, ndipo nyimbo iliyonse azilemba pa pepala amene wapeka mawu ndi amene wapanga biti, anzakewo asanayambane.

Za pa intaneti musamve zambiri. Spotify inafika ku Malawi mu 2021, koma imalipira tizidutswa ta tambala pa kumvera kumodzi, ndipo omvera athu ambiri sali kumeneko. Onani a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa mu 1930. Anaimba moyo wawo wonse ndi gitala, ndipo Patience Namadingo atajambula nawo mu 2020, nyimbo ya Linny Hoo inazungulira dziko lonse lapansi pa TikTok, anthu mamiliyoni akuvina. Thandizo limene linawafika pakhomo linachokera kwambiri kwa anthu amene anachita kusonkha ndi kukonza mashowo, osati kwa mamiliyoni ovinawo.

Ndiye dimba asalisiye. Izi ndinanena mokweza kuti mwini wake amve.

Koma amalume, amene akupita kunja ndi a babatoni. Ndisiye kompyuta ndikaseme babatoni?

Waona bwino, ndipo nkhani imeneyi imandisowetsa mtendere. Madalitso Band, a Yobu Maligwa ndi a Yosefe Kalekeni, ankaimba m'misewu ya Lilongwe ndi gitala, ng'oma ya phazi ndi babatoni, chida chokhoma okha cha chingwe chimodzi. Mu 2017 anakaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar, kenako kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva inatulutsa chimbale chawo cha Wasalala mu 2019, ndipo akhala akuzungulira Ulaya. A Gasper Nali a ku Nkhata Bay anadziwika ndi kanema wojambulidwa m'mphepete mwa nyanja. Ian Brennan wa ku America anajambula Malawi Mouse Boys, anyamata ogulitsa mbewa pamsewu, ndiponso akaidi ndi asilikali a ndende ya Zomba, ndipo chimbale cha ku ndendecho chinafika pa mndandanda wa opikisana pa Grammy mu 2016. Onsewa ndi aluso enieni, ndipo anthu ambiri kwathu kuno anayamba kuwalemekeza atamva kuti azungu awaombera m'manja. Manyazi amenewo ndi athu.

Koma msika wakunjawo nawonso uli ndi chikombole. Umafuna Mmalawi wa chida chokhoma yekha, wa nkhani ya umphawi yokoma kuilemba pa chikuto. Mnyamata wa pa Goliati wa kompyuta yobwereka ndi wodzipangira yekha ndendende ngati wa babatoni, mwinanso amavutika kuposa, koma chithunzi chake sichigulitsa matikiti ku Ulaya. Ukasema babatoni chifukwa choti mlendo akuifuna, wadzidulira wekha msinkhu wa m'chiuno uja popanda kapitawo kukuuza. Ukaisema chifukwa kulira kwake kwakugwira mtima, sema, ndipo ndikuthandiza kusaka waya wa m'tayala.

Komanso tisamakometsere kusowa. A Namoko sankaimba bwino chifukwa choti anali osauka. Akanapatsidwa studiyo yabwino ndi malipiro oyenera akanaimbabe bwino, n'kukhalanso ndi nyumba ya malata abwino.

Wina atabwera ndi pepala kuti andithandize, ndisaine?

Usasaine tsiku lomwelo, ngakhale atakugulira nkhuku ndi tchipisi. Pepala ubwere nalo kunyumba, aliwerenge munthu wodziwa malamulo amene sali mnzake wa mwini pepalayo. Funsa kuti nyimbo zikajambulidwa mwini wake akhala ndani, ndipo kwa zaka zingati. Funsa ngati ndalama imene akukupatsa poyamba ili mphatso kapena ngongole, chifukwa nthawi zambiri imakhala ngongole: studiyo, vidiyo, zovala, mafuta a galimoto, zonse amadzadula pa gawo lako iwe usanaone kanthu. Anthu a kuno katapila timamudziwa, ndipo katapila wovala suti ndi katapila ndithu. Funsa ngati adzadyeko pa ndalama za mashowo, ndiponso ngati dzina lako loimbira lidzakhale lako mukadzasiyana. Taylor Swift, ndi kutchuka kwake konse, anachita kujambulanso zimbale zake zakale n'kuyamba kuzitulutsa mu 2021 chifukwa matepi oyamba anagulitsidwa kwa ena.

Sindikuti kampani ndi satana. Mutu umodzi susenza denga, ndipo woimba amene akudzipangira yekha vidiyo, kudzisakira yekha mashowo, kudzitolera yekha ndalama pakhomo, nthawi yopeka nyimbo amaipeza kuti? Manejala wabwino ndi dalitso. Alimi ang'onoang'ono a tiyi amagulitsa masamba awo ku fakitale za ma esiteti chifukwa sangamange fakitale pakhomo, ndipo palibe amene amawaseka. Amene amalira ndi amene sanafunse mtengo wa kilo masamba asanakwere thirakitala.

Nanga nyimbo zanga zitatu zija mwazimva bwanji? Musandinyengerere.

Sindikunyengerera. Yoyamba mawu ako sindinawapeze. Makina owongola mawu aja mwathira ngati mchere wa mwana wophunzira kuphika, ndipo katchulidwe n'ka munthu wa ku Lagos amene sanafikeko. Palibe kampani imene inakuuza kuti uimbe choncho, unadziumba wekha pa chikombole cha eni, ulere. Yachiwiri ndi ya chikondi, ndipo ikufanana ndi zina 50 zimene zili pa kompyuta ya wobenayo. Si yoipa, koma ndikaimva mawa sindingadziwe kuti ndi yako.

Yachitatu ndinaibwereza katatu. Ija ukunena za agogo ako akubwera ku sikelo dengu litanyowa ndi mvula, kapitawo n'kudula makilo akuti madzi salipidwa. Mwaijambula moipa, galu uja akumveka cha kumapeto, ndipo pena wathamanga kusiya biti m'mbuyo. Koma muli Chilomwe cha agogo ako mizere iwiri, ndipo pamenepo mawu ako anasintha, anakhala a munthu amene ndimamudziwa.

Mphwanga sanayankhe. Anati yachitatuyo anangoiika kuti zikwane zitatu, ndipo anzake amamuseka nayo kuti ndi ya lokolo. Mvula itakata anadumpha matope kupita tsidya lija, ine ndi mayi ake tikumuyang'ana. Anakambirana ndi wobenayo kanthawi, anapisa m'thumba, ndipo sipika inakhala chete pang'ono kenako n'kuyamba. Inali yoyamba ija, ya ku Lagos. Mlongo wanga anandiyang'ana, n'kusenza dengu lake kubwerera pa malo ake ogulitsira.